Khomo la ndagi pa BBS yanga, ndi mmene mungalembere lanu

Ndimakonza mafoni ndi makompyuta m'kashopu kena ku Rosettenville kuno ku Joni. Kuseri kwa kauntala, pansi pa mulu wa machaja akufa, kuli kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi kamene kamayendetsa BBS yanga usana ndi usiku, magetsi akalola. Olowapo ndi ochepa: alamu anga a ku Turffontein, anyamata angapo a kwathu ogwira ntchito m'magaladeni ku Randburg, ndi madala ena a ku Dedza amene amalondera usiku ndipo alibe wocheza naye.

Kwa amene simunaionepo, BBS ndi kompyuta imene anthu amalowamo ali kutali, n'kumasiyirana mauthenga ndi kusewera magemu, zonse m'malemba okhaokha. Yoyamba anaiyatsa Ward Christensen ndi Randy Suess ku Chicago mu 1978, anthu akuimbira pa foni ya nthambo ndi modem. Lero timalowa pa intaneti kudzera pa telnet kapena SSH, ndipo chimene ndimaikondera n'chakuti simadya bandulo. Zilembo n'zopepuka.

Tsono door, imene ine ndimangoitcha khomo, ndi pulogalamu yapadera imene BBS imaitsegula n'kuipatsa munthu wolowayo. Akamaliza, khomo limamubweza kumene anachokera. Magemu otchuka a nthawi imeneyo, monga TradeWars 2002 ndi Legend of the Red Dragon ya Seth Robinson ya mu 1989, anali makomo otere. Amenewo ndi a DOS, amafuna emulator (pulogalamu yotsanzira kompyuta ya DOS) ndi dalaivala wa FOSSIL wolumikizira khomo ku BBS, ndipo pa Pi ndi mutu waching'alang'ala. Asiyeni kaye. Lembani lanu, ndi script.

Poyendetsa BBS ine ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ya Synchronet, imene Rob Swindell anaiyamba mu 1991, chifukwa ili ndi JavaScript m'kati mwake momwemo. Anzanga ena amakonda Mystic, imene ili ndi chilankhulo chake cha MPL komanso imalola Python. Zonse n'zabwino, koma ndifotokoza chimene manja anga akuchidziwa.

Pangani foda m'kati mwa xtrn, foda ya makomo ya Synchronet, muitche ndagi, ndipo mmenemo lembani fayilo ndagi.js. Langa, nditalikonzako pang'ono, linali chonchi:

```
console.clear();
console.print("\x01h\x01yNdagi!\x01n\r\n");
console.print("Nyumba ya amayi yopanda khomo.\r\nYankho: ");
var y = console.getstr(30);
if (bbs.online) {
  y = y.toLowerCase().replace(/r/g, "l");
  if (y == "dzila")
    console.print("\r\nMwakhoza, a " + user.alias + "!\r\n");
  else
    console.print("\r\nMwaphonya.\r\n");
  console.pause();
}
```

Inde, ndagi yoyamba ya khomo langa ndi ya nyumba yopanda khomo. Alamu anga anaseka mpaka kutsokomola.

Tizizindikiro ta \x01h ndi \x01y timauza Synchronet kuti mawu akhale achikasu chowala, ndipo \x01n imabwezera mtundu wamasiku onse. Mzere uliwonse uthere ndi \r\n, osati \n yokha. Mukaiwala, mawu amatsika mopendekera pa sikirini ngati masitepe, mzere uliwonse ukuyambira pamene wapamwamba wathera.

Koma taonani mzere wa replace uja, chifukwa pamenepo ndi pamene ndinaphunzira kanthu. Tsiku loyamba mzere umenewo kunalibe. Madala a ku Dedza aja anabwera ku shopu m'mawa atavala yunifolomu yawo, maso ali psuu ndi tulo, n'kunena kuti, "Mwana wanga, makina akowa ndi amwano. Ndalemba dzila, akuti ndaphonya. Nanga nkhuku imaikira chiyani?" Ndinalibe choyankha. Ife r ndi l timazisinthanitsa polankhula ngakhale polemba, ndipo palibe amene amasokonezeka, kupatula kompyuta. Choncho musanayerekeze yankho, sandutsani r aliyense kukhala l, mbali zonse ziwiri, yankho la munthu ndi lanu losungidwa. Chotsaninso kachizindikiro ka mu ng', chifukwa ena amalemba ngombe, ena ng'ombe, ndipo mafoni ena amaika kachizindikiro kopindika kamene kompyuta imakaona ngati chilembo china. Ndagi zambiri zimakhalanso ndi mayankho awiri olondola, wina ati chithunzithunzi wina ati mthunzi, ndiye sungani onse m'ndandanda. Mwa ntchito yonse ya khomo limeneli, apa m'pamene ndinatherapo masiku ambiri, ndipo palibe malangizo a azungu amene akanandiuza zimenezi.

Chinanso cha chilankhulo chathu: BBS zambiri zimaonetsa zilembo za CP437, zija za makompyuta akale a IBM, ndipo mmenemo mulibe w wa kadenga pamwamba. Lembani Malawi ndi w wamba, apo ayi padzatuluka zinyalala. Sikirini ndi ya zilembo 80 m'lifupi, ndipo ndi bwino kusapitirira mizere 24 musanaimitse ndi pause.

Kulilumikiza n'kosavuta. Tsegulani scfg, pulogalamu yosinthira makonzedwe a Synchronet, pitani ku External Programs, kenako Online Programs, sankhani gawo n'kuwonjezera latsopano. Pa Start-up Directory lembani ../xtrn/ndagi ndipo pa Command Line lembani ?ndagi.js. Chizindikiro cha funso kutsogoloko chimauza Synchronet kuti iyi ndi JavaScript. Ngati mukufuna kuti anthu angapo azilowa pamodzi, lolani Multiple Concurrent Users. Lowani ndi SyncTERM, pulogalamu yolowera pa BBS, muliyese.

Mwina inu JavaScript simuidziwa, mumadziwa Python. Zimatheka, kungoti khomo lotere limakhala kunja kwa BBS, silidziwa amene walowa. Apa m'pamene pamabwera drop file. Ili ngati kakalata kamene kalaliki wa kuchipatala amakulemberani musanalowe kwa adokotala: dzina, nambala, zina ndi zina. BBS imalemba kafayilo kameneka munthu akangogogoda, khomo n'kuwerenga. Mitundu ilipo yambiri, DOOR.SYS ya mizere 52, DORINFO1.DEF, CHAIN.TXT ya WWIV, koma sankhani DOOR32.SYS. Ili ndi mizere 11 yokha. Mzere wa 6 ndi dzina lenileni, wa 7 dzina lodziwika nalo pa BBS, wa 9 mphindi zimene zamutsalira, wa 10 ukusonyeza ngati sikirini yake imatha kuonetsa mitundu ya ANSI, wa 11 ndi nambala ya node, malo amene walowerapo pa BBS. Kumbukirani kuti Python imawerenga kuyambira 0, ndiye mzere wa 7 uli pa malo a 6. Ine nditayesa la Python, usiku woyamba ndinalonjera alamu anga ndi nambala 50, mlingo wawo wa chilolezo, m'malo mwa dzina. Mu scfg onetsani kuti pulogalamuyo ndi native, idutse pa Standard I/O, ndipo ikani %f kumapeto kwa Command Line kuti ilandire njira ya ku kafayilo kaja. Mukasindikiza mawu opanda mzere watsopano, monga funso lodikira yankho, chitani flush kuti mawuwo atuluke nthawi yomweyo, apo ayi munthu angoyang'ana mdima.

Tsopano chimene ndikufuna mumvetsetse kuposa zonse. Anthu athu satuluka pakhomo mwaulemu. Bandulo imatha pakati pa ndagi. Bwana amatulukira mwadzidzidzi foni n'kulowa m'thumba. Taxi ikalowa pakati pa nyumba zazitali za m'tauni netiweki imadula. Khomo lanu liyenera kuyembekezera zimenezi pa funso lililonse. Langa la Python linali ndi lupu yofunsa mobwereza mpaka munthu akhoze. Tsiku lina mnyamata wa ku Randburg anathawidwa ndi netiweki, readline, imene imawerenga yankho, inayamba kubweza chinthu chopanda kanthu, khomo n'kumaona ngati waphonya, n'kumafunsanso, kufunsanso, kumafunsa munthu amene palibe. Ndinapeza m'mawa ka Pi katatentha ngati mbaula. Mankhwala ake ndi mzere umodzi: yankho likabwera lopanda ngakhale chizindikiro cha Enter, tulukani pomwepo. Mu JavaScript lupu iliyonse iyambe ndi while (bbs.online && !js.terminated). Mphindi za pa mzere wa 9 zija muzilemekezenso, zikatha tsanzikani.

Kusunga zigoli nakonso kuli ndi msampha. Poyamba ndinkawerenga fayilo yonse, kusintha, n'kuilembanso. Anthu awiri akakhoza nthawi imodzi, wachiwiri ankafufuta chigoli cha woyamba. Kenako load shedding inandipeza fayilo ili pakati polembedwa, ndipo zigoli za mwezi wathunthu zinapita. Madala aja anali pamwamba pa onse, ndipo mpaka lero amati ndinachita dala. Pano munthu akakhoza ndimangowonjezera mzere umodzi pansi pa fayilo, dzina ndi tsiku, potsegula ndi "a", n'kutseka nthawi yomweyo. Kuwerengera ndimachita pokhapokha wina akafuna kuona amene akutsogola. Magetsi akathima, choipitsitsa ndi kutaya mzere umodzi. Pi ndinaigulira power bank yotha kuchaja ikupatsanso moto, rauta nayo ili ndi kabatire kake.

Za kuti anthu akupezeni kunja, tsegulani port, kanjira kolowera kokhala ndi nambala yake, pa rauta. Telnet ndi 23, koma ine ndinasamutsira ku 2323 chifukwa pa 23 pamagogoda maroboti a pa intaneti tsiku lonse. Telnet imatumiza pasiwedi osabisa, ndiye auzeni anthu asagwiritse ntchito ya ku banki, kapena alowe pa SSH. Ngati intaneti yanu ndi ya SIM kadi, nthawi zambiri kutsegula port sikuthandiza chifukwa adiresi imodzi mumagawana ndi anthu ambiri. Ine ndinadikira mpaka eni nyumba atakoka fibre.

Ndagi ndimazisunga mu fayilo yapayokha, mzere umodzi funso, mzere wotsatira mayankho olekanitsidwa ndi koma, kuti powonjezera ndisakhudze pulogalamu. Madala aja tsopano amabwera nazo zolembedwa kuseri kwa malisiti, ndipo analamula kuti khomo likati "Ndagi!" lisapitirire mpaka munthu alembe "Gize!" Ndinawonjezera Loweruka lapitali, mizere inayi.