Momwe mungakankhire ndege kumbuyo popanda kuwononga mwendo wake wakutsogolo

Ndege ilibe giya yobwerera kumbuyo ngati galimoto. Ikaima mphuno italoza kunyumba ya apaulendo, pamafunika thirakitala yoti iikankhe mpaka pamene ingathe kuyenda yokha. Ntchito imeneyi pabwalo amaitcha pushback. Imatha m'mphindi zochepa chabe, koma ndi nthawi imene anthu oyenda pansi amakhala pafupi kwambiri ndi matayala akugudubuzika ndi injini zikuyamba kulira. Boeing 737-800 yodzaza imafika matani 79, Embraer 190 imafika cha m'ma 50, ndipo mphamvu yonse yosunthira katundu ameneyu imadutsa pa chitsulo chimodzi chotchedwa towbar, cholumikiza thirakitala ku mwendo wakutsogolo wa ndege.

Kuno ku Tete bwalo lalikulu ndi la Chingodzi, tsidya la Zambezi mbali ya ku Moatize, loyendetsedwa ndi Aeroportos de Moçambique. Pamabwalo ang'onoang'ono ndege imatha kuimikidwa mopingasa kuti ikhote n'kutuluka ndi mphamvu yakeyake. Koma malo akachepa, kapena ndege ikafunika kusunthidwa injini zili zozimitsa, thirakitala imaitanidwa. Wophunzira ntchito kuno angadzapezekenso ku Beira, Nampula kapena Maputo, ndipo ndondomeko yake sisintha. Dziwani kuti laisensi ya pamsewu siyokwanira. Pamafunika chiphaso cholowera pa placa (malo oimikapo ndege), maphunziro a kampani yanu, ndi kuyesedwa pa mtundu uliwonse wa ndege. Zili m'munsimuzi n'zothandiza kumvetsa zimene mlangizi wanu azikuuzani, koma buku la kampani ya ndegeyo likanena zosiyana, tsatani bukulo.

Musanaiyandikire ndege

Valani colete (chovala chopanda manja) yowala, nsapato zachitsulo kutsogolo, magolovesi ndi zotseka m'makutu. Chipewa chopanda chingwe chisiyeni mkati, chifukwa mphepo ikachitenga chimakathera mu injini. Ndege isanatere, yendani malo onse oimikapo mukutola timiyala, mabawuti, zitsekerero za mabotolo, zidutswa za zipi ndi maloko ogwa m'zikwama, ndi mapepala apulasitiki. Kabawuti kamodzi kakamezedwa ndi injini kamabenthula mapeni ake, ndipo ndege imagona pomwepo kudikira akatswiri.

Ndege ikaima, musathamangire. Dikirani injini zizime ndipo nyali yofiira yophethira, imene ili pamsana ndi pamimba pa ndege, ithime. Ndi munthu woika ma calço (zotsekereza matayala kuti asagudubuzike) kumatayala akutsogolo yekha amene amayandikira msanga, nayenso amadzera kutsogolo kwa mphuno. Pa 737 injini ikamalira pang'onopang'ono imatha kukoka munthu amene ali mkati mwa mamita atatu kuchokera pakamwa pake, ndipo mpweya wotuluka kumbuyo umakhala woopsa mpaka mamita pafupifupi 30. Matayala akuluakulu ayandikireni kuchokera kutsogolo kapena kumbuyo, osati cham'mbali, chifukwa mabuleki amakhala otentha kwambiri ndege ikangotera, ndipo tayala likaphulika zidutswa zimaulukira m'mbali. Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kwa ku Tete kukadutsa madigiri 40, mabuleki amachedwa kuzizira, chitsulo chosiyidwa padzuwa chimawotcha m'manja, ndipo munthu wosamwa madzi amayamba kudumpha zina za m'ndondomeko osadziwa.

Anthu anayi, aliyense ndi yake

Wa mahedifoni ndiye mwini ntchito. Ndi iye yekha amalankhula ndi oyendetsa ndege kudzera pa chingwe cholumikizidwa pafupi ndi mwendo wakutsogolo. Wa thirakitala amamvera iyeyo. Awiri otsalawo amayenda kunsonga za mapiko, aliyense ndi ndodo zowala, kuona ngati phiko kapena mchira ukuyandikira mzati wa magetsi, masitepe kapena ndege ina. Musanayambe, kumanani anayi nonse mugwirizane kumene mchira upite, pomwe muimire, ndi chizindikiro choimitsira. Pa kuimitsa palibe wamkulu kapena wamng'ono. Mnyamata woyamba dzulo akapingasa ndodo pamwamba pa mutu, thirakitala iime, zofunsana zibwere pambuyo.

Towbar ndi mapini ake

Towbar iliyonse ili ndi mutu wopangidwira mtundu wina wa ndege. Ya 737 si ya Embraer, ngakhale itaoneka ngati ikulowa. Werengani chikwangwani chake, yang'anani ming'alu, onani ngati loko wa kumutu akutseka bwino ndiponso ngati pampu yokwezera timatayala take ikugwira.

Kenako yang'anani ma shear pin. Awa ndi mapini opangidwa dala kuti aduke mphamvu yokankha kapena yopotokola ikapyola muyeso, kuti chiwonongeke ndi pini yotsika mtengo m'malo mwa mwendo wa ndege. Pini yopindika kapena yong'aluka isinthidwe ndi ina ya nambala yomweyo. Pali chizolowezi cha m'magalaji choti chikaduka timalowetsa bawuti iliyonse yokwana pabowo. Apa ayi. Bawuti yolimba kuposa pini yoyenera siduka nthawi yoti iduke, ndipo mphamvu yonse imakathera ku ndege.

Pini ina, yofunika kuposa zonse, ndi bypass pin, imene imakhala ndi kansalu kofiira kolendewera. Chiwongolero cha matayala akutsogolo chimayenda ndi haidiroliki (mafuta opanikizidwa), ndipo pa 737 mphamvu yake ndi 3,000 psi. Bypass pin imatsekereza mphamvu imeneyi kuti matayala azikhota momasuka potsatira thirakitala. Popanda piniyi, haidiroliki ikangodzuka kapena woyendetsa ndege akakhudza chiwongolero, matayala amatembenuka mwadzidzidzi ndipo towbar imakwapula cham'mbali ndi mphamvu yotha kuthyola miyendo ya munthu. N'chifukwa chake piniyi imalowa towbar isanamangidwe, ndipo imachoka towbar itachotsedwa kale. Ndege zina zili ndi switch m'malo mwa pini, koma dongosolo lake ndi lomwelo: yambani mwamasula chiwongolero, mudzachibwezeretse pomaliza penipeni.

Kulumikiza

Uzani oyendetsa ndege kuti mukulumikiza, ndipo atsimikize kuti mabuleki oimikira ndi omanga. Lowetsani bypass pin. Kokerani towbar pamanja mpaka ku mwendo wa ndege, ikwezeni kapena kuitsitsa ndi pampu kuti ifanane ndi polumikizira, mangani, tsekani loko, n'kuigwedeza kuti muone ngati yagwiradi. Miyendo yanu yonse ikhale mbali imodzi, osaitang'adza, osailumpha.

Tsopano thirakitala ibwere pang'onopang'ono, ikulondoleredwa ndi munthu amene dalaivala akumuona bwino, itawongoka ndi mzere wa ndege. Lowetsani pini ya ku thirakitala n'kuitseka. Kwezani timatayala ta towbar kuti tisakhudze pansi, apo ayi tidzakhulika pokhota. Dalaivala amange buleki ya thirakitala. Apa m'pamene ma calço angachotsedwe, chifukwa ndege tsopano yagwiridwa pawiri.

Wa mahedifoni azungulire ndege yonse ndi maso akeake. Zitseko za apaulendo ndi za katundu zikhale zotseka, zogwirira zake zitalowa m'malo mwake. Timazenera ta mafuta, madzi ndi chimbudzi tikhale totseka. Chingwe cha magetsi a pansi chizulidwe, masitepe, lamba wa katundu ndi makoni zichoke, ndipo pasakhale chodontha kapena chotupa chachilendo pathupi la ndege. Chingwe cha magetsi ndicho chimaiwalika kawirikawiri nthawi ikathina, ndipo ndege ikasuntha chili chilumikizire chimazula soketi yake.

Kukankha kwenikweni

Oyendetsa ndege amapempha chilolezo kwa a ku torre (nsanja yolondolera ndege), akapatsidwa amayatsa nyali yofiira ija. Kulankhulana kumakhala m'Chingerezi chachifupi chosasinthasintha, ngakhale pakati panu mumayankhula Chinyanja, Chinyungwe kapena Chipwitikizi. Wa mahedifoni amati "release brakes" (masulani mabuleki), ndipo amadikira yankho loti "brakes released". Yankho lisanamveke, thirakitala isasunthe. Kukankha ndege yomanga mabuleki ndi njira yachidule yodulira shear pin. Yankho likabwera, wa mahedifoni aonetse dalaivala chibakera n'kuchitambasula, ndiko kunena kuti mabuleki amasulidwa.

Dalaivala anyamuke mofatsa kwambiri, kuti kulemera kukhazikike pa towbar popanda kugunda. Liwiro lisapitirire la munthu woyenda pansi, makilomita 5 pa ola. Kuvuta kwake n'kwakuti pali malo awiri opindikira, wina pa thirakitala, wina pa mwendo wa ndege. Amene anabwezapo ngolo ya ng'ombe cham'mbuyo ku Angónia akudziwa kuti ukachedwa kuwongola, ngolo imapinda msanga kuposa mmene umaganizira. Wongolani pang'ono, msanga, ndipo maso akhale pa matayala akuluakulu ndi mzere wachikasu, osati pamphuno pokha.

Pakhomo la mwendo wakutsogolo pamakhala mzere wofiira wosonyeza malire okhotera. Pa 737 malirewo ndi madigiri 78. Towbar ikayandikira mzerewo, imani, kokani pang'ono kutsogolo muwongole, muyambirenso. Mukaupyola, ndege siyenera kunyamuka mpaka katswiri ataupima mwendowo.

Wa mahedifoni ayende pomwe dalaivala akumuona, mamita atatu kapena kuposa kuchokera pa matayala ndi towbar, chingwe atachigwira kuti chisakodwe pansi pa tayala. Asayende chobwerera m'mbuyo, asakwere pa towbar. Dalaivala akasiya kuona mmodzi wa anzake atatuwa, aime.

Injini zimatha kulizidwa ndege ikukankhidwa, wa mahedifoni ataona kuti kumbuyo ndi kutsogolo kulibe munthu kapena galimoto. Injini zimawerengedwa kuchokera kumanzere kwa woyendetsa, ndipo pa 737 nthawi zambiri imayamba ndi ya nambala 2, ya kumanja. Apa dalaivala ayembekezere kusintha. Injini ikagwira imakankha ndege kutsogolo, molimbana ndi thirakitala, ndipo ikakhala imodzi imakankhira mbali imodzi. Pouma thirakitala imapirira. Koma m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, mvula ikagwa pa placa pomwe panadontha mafuta, kapena tayala likaponda penti wonyowa wa mizere, thirakitala imatha kutsetsereka n'kupindikira m'mbali mwa ndege. Pansi pakanyowa, pemphani oyendetsa ndege kuti adikire, alize injini mukamaliza kukankha. Kukakhala ziphaliwali pafupi, vulani mahedifoni n'kuzula chingwe, chifukwa mphezi ikagunda ndege magetsi ake amatsata chingwecho. Gwiritsani ntchito zizindikiro za manja kapena imitsani ntchito.

Shear pin ikaduka

Mudzamva kulira kwa chitsulo ndipo towbar idzagwedezeka. Chochita chimadalira ngati ndege ikadali yomangika. Ngati ikadali pa towbar, dalaivala achepetse liwiro mpaka kuima mofatsa, kenako wa mahedifoni apemphe mabuleki. Ngati ndege yamasuka n'kuyamba kuyenda yokha, wa mahedifoni auze oyendetsa nthawi yomweyo kuti aponde mabuleki, ndipo thirakitala ichoke panjira ngati ndege ikubwera kutsogolo. Kupatula pa ngozi yotereyi, oyendetsa ndege saponda mabuleki pa nthawi yokankha. Akatero ndege ikubwerera, mphuno imatha kunyamuka, mchira n'kulunjika pansi, kapena towbar n'kupindika.

Mahedifoni akafa pakati pa ntchito, imani kaye. Wa mahedifoni apite pomwe woyendetsa ndege akumuona pazenera, agwirizane zopitiriza ndi manja. Dzanja lotambasula likafumbatidwa ndiye kuti mangani mabuleki. Chibakera chikatambasulidwa ndiye kuti masulani.

Kumasula

Mamita omaliza ayendeni mowongoka kuti matayala akutsogolo aloze kutsogolo ndipo towbar isakhale yopanikizika. Imani pang'onopang'ono. Wa mahedifoni anene "set parking brake" (mangani mabuleki oimikira) ndipo adikire "parking brake set". Makampani ambiri amafunanso calço patsogolo pa tayala lakutsogolo pa nthawi yomasulayi, makamaka injini zikamalira.

Tsitsani timatayala ta towbar kuti tinyamule kulemera kwake. Masulani ku thirakitala poyamba, thirakitala ibwerere pang'ono, kenako masulani ku ndege. Pini ikakana kutuluka musaimenye ndi nyundo. Ndiye kuti towbar ikadali yokokeka kapena yopanikizika, ndipo dalaivala angoisuntha masentimita ochepa kuti ilekerere. Towbar ikachoka patsogolo pa matayala, zulani bypass pin mutaima cham'mbali, chifukwa haidiroliki ikabwerera matayala amatha kudumphira pakati. Chotsani calço ngati munaika, uzani oyendetsa mbali imene mukaimire, zulani chingwe cha mahedifoni, tsekani kazenera kake n'kukakanikiza kuti mumve kuti katseka.

Thirakitala ndi towbar zikatuluka kunja kwa mapiko, wa mahedifoni aime pomwe woyendetsa ndege akumuona, akweze bypass pin m'mwamba kansalu kofiira kakuoneka, usiku atakawalitsa ndi tochi. Woyendetsa sanyamuka asanaione, popeza pini ikatsalira ndege imayamba kuyenda chiwongolero chisakugwira. Akayankha ndi chala chachikulu kapena kuphethira kwa nyali, perekani chizindikiro choti njira ndi yoyera, ndipo khalani pomwepo mpaka ndege itakhota, mukusamala mpweya wa kumbuyo kwa injini.

Ngati pena pake chida chinakhudza ndege, ngakhale kachikanda kooneka ngati ka penti chabe, nenani ndege isanapite. Thupi la ndege limafufuma ndi kuphwa ulendo uliwonse chifukwa cha mpweya wa mkati, ndipo kamng'alu kakang'ono kamakula. Zigawo zina za mapiko ndi mchira n'zopangidwa ndi ulusi womatidwa, zimene zimatha kusweka mkati kunja kukuoneka bwinobwino. Woweruza ngati ndege ingauluke ndi katswiri wokonza ndege pamodzi ndi comandante, mkulu wa oyendetsa ndege. Mbali yanu ndi kuwaonetsa malowo, kunena chida chimene chinagunda ndi nthawi yake, n'kulemba lipoti musanaweruke.