Boila inazima m'mawa wozizira ku Leeds, vuto linali kapaipi ka panja

Mu December 2022 kuno ku Leeds, ku England, ndinadzuka m'nyumba muli zii ngati mufiriji. Boila, makina otenthetsa nyumba ndi madzi, inali itazima, ikungolira gudugudu ngati m'mimba mwa munthu wanjala.

Ndinaizimitsa n'kuiyatsanso katatu, koma ayi ndithu. Presha ya madzi mu boila inali bwinobwino.

Agogo ena oyandikana nawo nyumba ndi amene anandilozera kapaipi koyera ka pulasitiki kotuluka pakhoma kulowera mu dreni. Amakatcha condensate pipe. Kamataya madzi ochokera mu boila, ndipo madziwo akaundana, boila imadzizimitsa yokha.

Ndinatenga madzi ofunda, osati owira, chifukwa owira angathe kung'amba pulasitikiyo. Ndinathira pang'onopang'ono, makamaka pokhota ndi kumapeto kwenikweni, pomwe ayezi amakonda kugwira. Pa jagi yachinayi kachidutswa ka ayezi kanagwa, madzi n'kuyamba kuchucha. Nditadina batani la reset, loyambitsanso makinawo, boila inayaka pompo.

M'mawa mwake ndinagula siponji yokutira mapaipi, mapaundi osakwana 10, n'kuimanga ndi tizingwe ta pulasitiki. Madzi otayikira pansi aja anaundananso, ndinatsala pang'ono kugwa chagada, ndiye ndinawazapo mchere.