Malangizo kwa odwala impso ofuna cithandizo ca dialysis kudzera mu inshuwalansi ya NHIMA

Impso zikaleka kugwira nchito, madzi ndi zoipa zimene zinayenera kutuluka ndi mkodzo zimaunjikana m'thupi, ndipo wodwala amafunika kuti magazi ake azisefedwa ndi makina, cithandizo cimene madokotala amati dialysis. Kwa munthu amene impso zake zinaonongekeratu, monga zimacitikira ena odwala shuga kapena BP kwa zaka zambiri, cithandizoci si ca tsiku limodzi. Nthawi zambiri amakhala pa makina katatu pa sabata, pafupifupi maola anayi ulendo uliwonse, kutanthauza maulendo 156 pa caka. Ndi mabanja ocepa amene angalipire zimenezi kucokera m'thumba, n'cifukwa cake nkhani ya inshuwalansi iyenera kukonzedwa dokotala akangochula za dialysis, osadikira tsiku loyamba kuikidwa pa makina.

Inshuwalansi ya zaumoyo ya boma la Zambia imayendetsedwa ndi bungwe la National Health Insurance Management Authority, lodziwika kuti NHIMA, limene linakhazikitsidwa motsatira lamulo nambala 2 la m'caka ca 2018. Nzika za Zambia ndi anthu okhazikika m'dziko muno mwalamulo ayenera kulembetsa. Munthu wa pa nchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake mwezi uliwonse, ndipo womulemba nchito amaonjezerapo 1 peresenti ina, pamene wodzigwirira nchito yekha amalembetsa ndi kupereka yekha molingana ndi zimene amapeza. Okalamba a zaka zopitirira 65, olumala amene sangathe kugwira nchito, ndiponso ovutika amene unduna woona za citukuko ca m'madera ndi cisamaliro ca anthu unawazindikira, lamulo silikuwakakamiza kupereka ndalama. Komabe kusapereka sikutanthauza kuti dzina lilowa lokha m'kaundula; nawonso ayenera kulembetsa ndi citupa cao ca NRC.

Ngati wodwalayo ndi mwamuna, mkazi kapena mwana wa membala, onetsetsani kuti dzina lake linalembedwa pansi pa membalayo. Mwana amene wakwanitsa zaka 18 afunsiridwe msanga za kulembetsa payekha.

Cimene cimagwetsa ambiri m'mavuto si kulembetsa ayi, koma kuduka kwa zopereka. Tiyerekeze munthu wafika pa tebulo lolandirira odwala Lolemba m'mawa, miyendo itatupa, wapereka nambala ya NRC, kalaliki wayang'ana pa kompyuta n'kumuuza kuti umembala wake sukugwira nchito, cikhalireco pepala lake la malipiro likuonetsa kuti ndalama inadulidwa. Zotere zimacitika ndalama ikadulidwa koma osatumizidwa, kapena dzina likalembedwa mosiyana ndi la pa citupa. Conco sungani mapepala a malipiro a mwezi uliwonse, ndipo tsimikizirani ku NHIMA kuti zopereka zanu zikufikadi. Ndipo poti matenda a impso amalepheretsa ena kupitiriza nchito, amene wasiya kapena wapumitsidwa nchito apite ku ofesi ya bungweli mwezi womwewo kukakonza njira yopitirizira umembala wake, pakuti womulemba nchito akaleka kupereka, palibe wina amene adzacite zimenezi m'malo mwake.

Cithandizo cimaperekedwa m'zipatala zokhazo zimene zinavomerezedwa ndi NHIMA. Makina osefera magazi sapezeka m'cipatala ciliconse. Ali m'zipatala zazikulu monga University Teaching Hospitals ku Lusaka, Ndola Teaching Hospital ndi Kitwe Teaching Hospital, ndiponso m'zipatala zina zimene si za boma. Musanayambe, tengani kalata ya dokotala yokutumizani, ndipo funsani ngati cipatalaco cinavomerezedwa pa dialysis yeniyeniyo komanso ngati pakufunika cilolezo ca NHIMA cithandizo cisanayambe.

Pa nkhani ya ndalama, musakhutire ndi yankho lakuti zonse zili pa inshuwalansi, cifukwa dialysis imayenda ndi zinthu zina zambiri. Pali kupima magazi kawirikawiri, kuphatikizapo kupima matenda a ciwindi a hepatitis B ndi hepatitis C, komanso HIV, musanaikidwe pa makina. Pali jekeseni wa erythropoietin ndi mankhwala a ayironi othandiza magazi akacepa, popeza impso zodwala sizithandizanso thupi kupanga magazi okwanira. Palinso opaleshoni yaing'ono ya pa mkono yolumikiza mitsempha iwiri, imene amati fistula, ndipo imatenga masabata angapo kuti ikhwime, moti pakadali pano wodwala amagwiritsa nchito kapaipi koikidwa pa khosi kapena pa cifuwa. Funsani za ciliconse pacokha, yankho lilembedwe, ndipo mukalipira kanthu tengani lisiti. Ndalama ya ulendo wopita ku cipatala maulendo 12 kapena 13 pa mwezi banja liikonzekere lokha.

Mapepala akavuta, musangokhala pakhomo kudikira kuti akonzedwe. Kudumpha tsiku la dialysis kumacititsa kuti madzi adzaze m'mapapo ndiponso kuti mcere wa potassium ucuruke m'magazi mpaka kusokoneza mtima. Wodwala amene akubanika, akufooka kwambiri kapena mtima ukumugunda mosalongosoka apite ku cipatala nthawi yomweyo, ndipo wacibale atsale akulondola za umembala ku NHIMA.