Momwe mungamangirire foni pa kamera kuti ikhale sikirini yoonera, osawononga ndalama zambiri

Ojambula maukwati, zinkhoswe ndi mapemphero ku Mufakose, Highfield ndi Mabvuku, mu mzinda wa Harare, amalidziwa vuto la kasikirini ka kumbuyo kwa kamera. Nthawi zambiri ndi ka mainchesi 3 okha, ndipo dzuwa likamaswa mtengo simungaone ngati nkhope ya mkwatibwi yaoneka bwino kapena yachita mbuu. Foni ya mainchesi 6 imathetsa vutoli, bola muimange mosamala.

Yambani ndi chopanira foni. Simufunika kugula chatsopano. Masulani mutu wa ndodo ya selfie yakale, mitu yambiri ili ndi kabowo pansi kolowetsa bauti ya 1/4-20, yomwenso imalowa pansi pa kamera ndi pa tripod. Chachiwiri ndi kachitsulo kolowa mu hot shoe, pamwamba pa kamera pomwe pamakhala flash, kokhala ndi bauti yomweyo ndi kagudumu komangitsira. Kakhale ndi mutu wozungulira kuti muziweramitsa foni. Zinthuzi yang'anani m'mashopu a mafoni m'tauni, monga ku Gulf Complex, ndipo pitani ndi kamera muyesere pomwepo.

Lowetsani kachitsuloko mpaka kumapeto, zungulizani gudumu ligwire, kenako mangani chopanira. Foni muiike chogona, isapanidwe pa mabatani a m'mbali chifukwa imazima yokha kapena kuyamba kukweza mawu. Ngati phazi la kachitsuloko ndi lachitsulo, matani tepi ya magetsi pansi pake lisakhudze timadontho ta magetsi ta mu hot shoe. Pa makamera a Sony pali timawaya tating'ono kutsogolo kwa malowa, ndipo sitichedwa kupindika mukakankha ndi mphamvu.

Hot shoe anaipangira flash, osati katundu wautali. Foni ya magalamu 200 ikakhala pamwamba pa mkono wautali, kugwedezeka kulikonse kumakoka tizomangira ta pamutu pa kamera mpaka malowo ayamba kugwedera. Foni ikhale pafupi ndi kamera momwe mungathere. Ngati mukufunanso kuika maikolofoni ndi nyali, pitani kwa owotcherera ku Siyaso, ku Mbare, akupindireni chitsulo chophwatalala chooneka ngati L, chomangidwa pansi pa kamera, katundu yense akhale pamenepo.

Apa ndi pomwe ambiri amaonongera kamera. M'mashopu a zitsulo mupeza bauti ya M6, yomwe pamaso imafanana ndi ya 1/4-20. Sizofanana. M6 ndi ya mamilimita 6, inayo ndi 6.35, ndipo mizere yake ndi yotalikirana mosiyana. Imalowa kawiri kapena katatu kenako n'kulimba, mukakakamiza mwadya mizere ya pansi pa kamera. Bautiyo isalowenso mopitirira mamilimita 5.

Chithunzi chimafika pa foni m'njira ziwiri. Yaulere ndi Wi-Fi kudzera pa pulogalamu ya kampani ya kamera yanu, monga Canon Camera Connect, SnapBridge ya Nikon kapena Imaging Edge Mobile ya Sony. Imachedwerako pang'ono, ndipo m'holo modzaza anthu ndi mafoni imadukaduka. Pa ntchito yolipidwa, chingwe ndiye chodalirika: chingwe cha HDMI kuchoka pa kamera kulowa mu capture card yaing'ono (kachipangizo kosandutsa chithunzi cha HDMI kuti chidutse pa USB), kenako adaputa ya OTG (yolumikizira zipangizo za USB ku foni) kulowa mu foni ya Android, ndi pulogalamu yowerenga kamera za USB. Onani kaye doko, kabowo ka pa kamera kolowetsa chingwecho, ma DSLR ambiri a Canon ndi a mini HDMI pomwe Sony a6000 ndi ya micro HDMI. Makamera ena amazimitsa sikirini yawo chingwe chikalowa, ndipo Canon 600D imatsitsa ubwino wa chithunzi chotuluka mukangoyamba kujambula, choncho konzani focus musanadine batani.

Doko la micro HDMI ndi losalimba. Gwiritsani chingwe chachifupi ndi chofewa, muchimangirire ndi labala pa kamphete ka lamba wa kamera kuti wina akachikoka, doko lisavulale.

Capture card imadya batire ya foni, ndipo m'kutentha kwa Okutobala foni ikatentha imadzichepetsera kuwala yokha. Ivuleni chikwama, tsekani data ndi mapulogalamu ena, ndipo dulani katoni yakuda muimate mozungulira sikirini kuti ipereke mthunzi.