Mukabwera ku Blantyre kwa masiku awiri

Yambirani ku Mandala House m'mawa dzuwa lisanakwere. Nyumbayi inamangidwa mu 1882, ndipo pansi pake pali La Caverna, pomwe mungamwe khofi panja pamthunzi n'kuona zojambula za amisiri akuno. Kenako pitani ku mishoni ya HHI (Henry Henderson Institute) mukaone tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe chinatha kumangidwa mu 1891.

Zojambula zapakhoma musazifune m'tauni mokha. Kwerani minibasi ya ku Ndirande kapena ku Limbe, muyang'ane makoma a magolosale ndi malo ometera tsitsi. Koma pemphani kaye musanatole chithunzi, ena sakondwa nazo.

Pachiwaya m'pofunika maso. Sankhani pamene pali anthu ambiri, chifukwa tchipisi ndi nyama sizikhalitsa. Mafuta akakhala akuda bii, awotcheramo kambirimbiri, pitirirani. Uzani wogulitsa akubwezereni tchipisicho m'mafuta chitenthe, ndipo ngati m'mimba mwanu simuchedwa kuvuta, kabichi wosaphika uja musiyeni. Thobwa gulani m'mawa lisanasase.

Tengani ndalama zing'onozing'ono zolipirira minibasi. Mu June ndi July musaiwale juzi, chiperoni chimazizira kwambiri.