Kuphunzira kulemba OS ya zipangizo zing'onozing'ono: muwerenge chiyani, muyambire pati

Mukafufuza pa intaneti za embedded OS, kutanthauza operating system (pulogalamu yoyendetsa mapulogalamu ena onse) ya zipangizo zing'onozing'ono, mumalandira zinthu zitatu zosiyana zitasakanikirana. Pali za RTOS (real-time OS, OS yaing'ono yochita ntchito pa nthawi yake yeniyeni), yomwe imayenda pa microcontroller ya RAM ya makilobayiti ochepa. Pali za embedded Linux, yofuna purosesa yokhala ndi MMU (gawo loyang'anira memory) ndi RAM ya mamegabayiti ambiri. Palinso za anthu olemba OS ya kompyuta wamba ya x86, monga zambiri za pa OSDev Wiki. Za x86 zisiyeni kaye, chifukwa BIOS ndi real mode kulibe pa chipangizo chimene mudzagwire. Woyamba kumene ayambe ndi RTOS pa Cortex-M, banja la mapurosesa a ARM a mu microcontroller, poti code yake yonse mutha kuiwerenga n'kuimaliza.

Musanafike pa OS, chilankhulo cha C chikhale m'manja: ma pointer, ma struct, kusuntha ma bit, ndi chifukwa chimene timalembera volatile pa register. Assembly mufunika yochepa, mizere yosapitirira 30.

Sankhani chip imodzi ndipo musaisinthe mpaka mutamaliza. STM32F103C8T6, ya pa bolodi yotchedwa Blue Pill, ndi Cortex-M3 ya 72 MHz, flash 64 KB ndi RAM 20 KB, ndipo zolembedwa za iyo n'zambiri. Mufunikanso ST-Link yolowetsera pulogalamu. Samalani, ma Blue Pill ambiri pamsika ali ndi chip yotengera, ndipo OpenOCD, pulogalamu yolankhula ndi chip kudzera pa ST-Link, imatha kuikana chifukwa nambala yodziwira chipyo, IDCODE, ndi 0x2ba01477 m'malo mwa 0x1ba01477. Bolodi za Nucleo n'zokwererapo mtengo koma ST-Link imabwera pomwepo. Ngati bolodi simunaipeze, musadikire. Ikani compiler ya arm-none-eabi-gcc, gdb yofufuzira zolakwika ndi QEMU yoyerekezera makina, muyendetse qemu-system-arm -M mps2-an385, yomwe ndi Cortex-M3 yongoyerekezera. Mukawonjezera -s -S, QEMU imaima n'kudikira gdb pa port 1234.

Mabuku enieni a ntchitoyi ndi a opanga chip, ndipo ndi aulere pa webusayiti ya ST, kampani yopanga STM32. Oyamba kumene amawasokoneza, choncho dziwani ntchito ya lililonse. Datasheet imanena za miyendo ya chip ndi magetsi. Reference manual, RM0008, imafotokoza register iliyonse ya GPIO, UART, ma timer ndi ma clock. Programming manual, PM0056, ndi ya purosesa yeniyeniyo: ma exception, NVIC (gawo loyang'anira ma interrupt), SysTick (timer ya m'kati mwa purosesa) ndi ma stack pointer awiri, MSP ndi PSP. Wolemba OS amakhalitsa mu PM0056. RM0008 ili ndi masamba oposa 1000 ndipo siwerengedwa kuyambira koyamba. Mumatsegula mutu umene mukuufuna tsiku limenelo. Koperani ma PDF atatuwa kamodzi, bandulo isamathere pa mavidiyo obwereza zomwezo.

Ntchito yoyamba ndi kuyatsa LED popanda HAL (code yokonzeratu ya ST) kapena Arduino. Lembani nokha vector table, linker script yoika flash pa 0x08000000 ndi RAM pa 0x20000000, ndi Reset_Handler yokopera .data ku RAM n'kufufuta .bss. LED ya Blue Pill ili pa PC13 ndipo imayaka mwendowo ukakhala pa 0. Ikakana kuyaka, kawirikawiri simunatsegule clock ya GPIOC, bit 4 ya RCC_APB2ENR. Popanda clock, zimene mwalemba ku register zimangotayika mwakachetechete.

Apa ndiye pamene pali phunziro lalikulu: lembani scheduler yanu, code yogawira ma task (ntchito zoyenda mosinthana) nthawi ya purosesa, ya ma task awiri. Task iliyonse ipatseni stack yake. SysTick izigunda pa 1 ms iliyonse n'kuitana exception yotchedwa PendSV, ndipo kusinthana kwa ma task kuzichitikira mu PendSV. Exception ikayamba, purosesa imasunga yokha ma register 8 pa stack: R0 mpaka R3, R12, LR, PC ndi xPSR. Otsalawo, R4 mpaka R11, mumasunga inuyo mu assembly, n'kusintha PSP kuti iloze ku stack ya task inayo. Pokonza stack ya task yatsopano, xPSR ikhale 0x01000000, kutanthauza kuti bit ya Thumb, mtundu wa malamulo umene Cortex-M imayendera, ikhale 1. Mukaiwala bit imeneyi, purosesa imayesa kuchoka mu Thumb, chinthu chimene Cortex-M singathe, ndipo mumagwera mu HardFault, exception ya vuto lalikulu, task isanayende n'komwe. PendSV ikhale ndi priority yotsikitsitsa kuti isadule interrupt ina pakati. Kumbukirani kuti pa NVIC nambala yaing'ono ndiye priority yapamwamba. Mukafuna wokufotokozerani zimenezi mofatsa, buku la Joseph Yiu la Cortex-M3 ndi Cortex-M4 ndi labwino, koma ndi logula.

Scheduler yanu ikayenda, tsegulani FreeRTOS, RTOS yaulere yomwe Richard Barry anaiyamba mu 2003 ndipo Amazon inaitenga mu 2017. Werengani port.c ya mu portable/GCC/ARM_CM3 poyamba. Muzindikira pafupifupi mzere uliwonse, chifukwa mwalemba kale zofanana nazo. Kenako list.c, tasks.c ndi queue.c. Buku lake, Mastering the FreeRTOS Real Time Kernel, ndi laulere. Zolakwika zofala ndi ziwiri. Choyamba ndi kuiwala kuti kukula kwa stack mu xTaskCreate kumawerengedwa m'ma word, ndiye 128 ndi mabayiti 512 pa Cortex-M. Phunziro lolembedwera ESP32 lingakusokeretseni, poti ESP-IDF imawerenga m'mabayiti. Chachiwiri ndi kuitana xQueueSend m'kati mwa interrupt m'malo mwa xQueueSendFromISR. Ikani configCHECK_FOR_STACK_OVERFLOW pa 2 ndipo mutanthauzire configASSERT kuyambira tsiku loyamba, apo ayi chipangizo chizingouma osakuuzani chifukwa.

Za ma lock, ma semaphore ndi njira zogawira nthawi, werengani Operating Systems: Three Easy Pieces, laulere pa intaneti, makamaka mitu ya scheduling ndi concurrency. Zephyr, RTOS ina ya Linux Foundation, ndi yamphamvu, koma devicetree, Kconfig ndi west zimabisa zimene mukufuna kuona, ndipo kuikopera kumadya bandulo yambiri. Idikire.

Phunziro lililonse limene mwapeza liyeseni ndi mafunso atatu. Kodi likutchula chip yake? Code ya Cortex-M0 kapena M4 yokhala ndi FPU (gawo lowerengera manambala a desimali) imasunga ma register mosiyana ndi M3. Kodi likutchula version ya compiler ndi ya kernel? Kodi likukulozerani mutu wa mu manual, kapena likungoti koperani apa? Lolephera funso lachitatuli lingakuyatsireni LED, koma likadzakana kugwira mudzasowa pogwira.

Amene akufuna embedded Linux apite kumeneko pambuyo pake, ndi zophunzitsira zaulere za kampani ya Bootlin ndi Buildroot, chida chomangira embedded Linux, pa QEMU. Yocto, chida china chachikulu chomangira Linux, ibwere mukatha kumanga U-Boot, kernel ndi BusyBox panokha.