Mmene mungapangire mdani wamkulu wa m'kanema wa makatuni wa zilombo

Achinyamata a ku Kasungu amene ayamba kupanga makatuni pa foni kapena pa kompyuta kawirikawiri amayambira pa ngwazi ya nkhani, kenako n'kujambula zilombo za mano aatali ndi maso ofiira, ndipo za mdani wamkulu amaziganizira ntchito itapita kale patali. Dongosolo limeneli limafooketsa kanema, chifukwa m'nkhani ya ulendo woopsa mdani ndiye amayamba kuchitapo kanthu, ndipo ngwazi imanyamuka pakhomo chifukwa cha zimene iye wachita. Malangizo otsatirawa ndi a munthu amene akukonza kanema woti ana aonere pamodzi ndi makolo awo, ndipo akufuna kuti mdani wa m'menemo akhale woti anthu azimukambabe kanemayo atatha.

Choyamba, siyanitsani chilombo ndi mdani. Chilombo chimaopsa chifukwa cha kukula kwake ndi njala yake, koma sichikhala pansi n'kukonza chiwembu. Anthu a m'midzi yoyandikana ndi Kasungu National Park akudziwa bwino zimenezi: njovu zimene zimatuluka usiku n'kuwononga minda, makamaka kuyambira pamene njovu 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde mu 2022, zabweretsa mantha ndi chisoni chenicheni, koma palibe amene anganene kuti njovu imachita zimenezi mwa njiru. Mdani wamkulu ndi amene akudziwa kuti zochita zake zipweteka ena, koma n'kusankha kuzichitabe. Angakhale munthu, angakhalenso chilombo cholankhula ndi kulingalira. Ine ndimaona kuti nkhani imagwira mtima kwambiri mdani akakhala munthu ndipo chilombo chili m'manja mwake, popeza mwana amene anayamba kanema akuchiopa chilombocho amafika pochimvera chisoni, ndipo mantha ake amasamukira kwa amene akuchizunza.

Mukatero, lembani chimene mdaniyo akufuna m'chiganizo chimodzi chokha, ndipo chikhale chinthu chooneka ndi maso. Kulamulira dziko lonse si cholinga chimene mwana wa sitandade 4 angachimve mumtima, koma madzi, chimanga, ng'ombe ndi malo olima amazidziwa kufunika kwake. Titenge chitsanzo chongopeka chimene tichigwiritse ntchito mpaka kumapeto. Pansi pa dambo lina limene madzi ake amathira mumtsinje wa Bua pamagona chilombo chachikulu chooneka ngati ng'azi, ndipo chikamapuma akasupe a m'deralo amatumphuka. Mwini esiteti wina, amene timutche Mtsekamadzi, wachigwira n'kuchitsekera m'balani yakale ya fodya, n'cholinga choti madzi onse azituluka pamalo pake pokha, ndipo aliyense wofuna kuthirira dimba kapena kumwetsa ziweto azilipira kwa iye. Cholinga chimenechi chakupatsani kale malo ochitikira nkhani, chifukwa choti ngwazi iyambe ulendo, ndiponso chithunzi cha zimene zidzachitike mdaniyo akapambana.

Funso lotsatira ndi lovuta, ndipo musalithamangire: n'chifukwa chiyani munthu ameneyu akudziona kuti sakulakwa? Palibe amene amadzuka m'mawa n'kudzitcha woipa. Mtsekamadzi angakhale kuti ali mnyamata anadutsa m'chaka cha njala yonga ya 2002, imene inasautsa kwambiri boma la Kasungu, n'kuima pamzere wa chimanga tsiku lonse koma kubwerera chimanjamanja, ndipo mng'ono wake anamwalira iye akuona. Kuyambira pamenepo analumbira kuti sadzapemphanso kanthu kwa munthu, ndipo m'maganizo mwake madzi akakhala a aliyense amangowonongeka, pamene akakhala m'manja mwa munthu mmodzi wosamala sadzatha. Mbiri imeneyi muidziwe yonse inuyo, koma m'kanema muonetse pang'ono pokha, mwina mphindi imodzi, pakati pa nkhani pamene oonera amuda kale. Isakhale yomuchotsera mlandu. Ntchito yake ndi kuonetsa kuti chisoni chimene chikanamuphunzitsa chifundo anachisandutsa umbombo. Kumbukiraninso kuti pakati pa oonera padzakhala anthu amene anataya abale awo m'njala imeneyo, choncho gawoli lijambulidwe mwaulemu, popanda nthabwala.

Chiwembu chake chikwere pang'onopang'ono. Poyamba agawe madzi ulere ndipo mudzi umutamande, kenako ayambe kulipiritsa, kenako alande madimba a amene alephera kulipira, ndipo pomaliza aganize zokumba ngalande yoti iphwetse dambo lonse, ngakhale akudziwa kuti chilombocho chifa. Pa sitepe iliyonse dzifunseni chimene wapindula ndi chimene ngwazi yataya. Pa theka loyamba la kanema mdani azipambana, chifukwa ngati alephera nthawi iliyonse imene wakumana ndi ana amene ndi ngwazi za m'nkhaniyo, palibe amene angamuope pamapeto. Chofooka chake chichokere m'khalidwe lake lomwelo, osati m'mankhwala kapena chida chimene chingotulukira mwadzidzidzi. Munthu wosakhulupirira aliyense amasunga yekha makiyi onse, ndiye tsiku limene zitseko ziwiri zifunika kutsekedwa nthawi imodzi, sangathe.

Za omuthandiza sizifuna mawu ambiri. Mmodzi kapena awiri akwana, ndipo nthabwala zambiri muziike pa iwo kuti mwini wake asasanduke choseketsa. Ndi bwino kuti mmodzi wa iwo akhale wokayikakayika, monga kapitawo amene mayi ake ali m'mudzi womwe ukusowa madziwo.

Pokhapokha zonsezi zitalembedwa m'pamene mungatenge pensulo. Yambani ndi chithunzithunzi: jambulani thupi lonse, mulipake lakuda bii, ndipo muonetse munthu amene sakuidziwa nkhaniyo. Ngati sangathe kumusiyanitsa ndi ena onse a m'kanemamo, bwererani mukajambulenso. Mizere yosongoka ndi makona akuthwa zimapereka mantha, pamene zozungulira zimaoneka zaubwenzi, ndipo mungagwiritse ntchito mfundo imeneyi mochenjera: Mtsekamadzi akhale ndi nkhope yozungulira yomwetulira imene mudzi unaikhulupirira, koma mapewa, zala ndi chipewa zikhale zosongoka. Mumpatse chinthu chimodzi chodziwikira, monga mpukutu wa makiyi m'chiuno, ndi mitundu iwiri kapena itatu yokha imene simuigwiritsa ntchito pa ngwazi. Mukakhutira naye, mjambuleni patsamba limodzi kuchokera kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo, pamodzi ndi nkhope yake akakwiya, akamanyengerera ndi akachita mantha, ndipo muike pambali pake ngwazi ndi chilombo kuti misinkhu yawo isamasinthesinthe.

Pali chifukwa cha masamu chochepetsera zokongoletsa. Kanema amayenda ndi zithunzi 24 pa sekondi, ndipo opanga makatuni a pamanja ambiri amajambula 12 n'kuonetsa chilichonse kawiri. Ngakhale motero, mphindi imodzi imafuna zojambula 720, ndipo mdani akaoneka mphindi zisanu akuyenda ndiye kuti zojambula zafika 3,600. Batani lililonse la pamalaya ake mudzalijambula kambirimbiri chotero. Mapulogalamu aulere monga Krita, OpenToonz, Pencil2D ndi Blender, kapenanso FlipaClip pa foni, amachepetsa ntchito koma saithetsa. Mwayi wake ndi woti mdani woima chilili, amene akusuntha maso ndi chala chimodzi chokha, amaopsa kuposa wolumphalumpha, ndiponso safuna zojambula zambiri.

Pali zinthu zimene ndikupempha kuti muzipewe ndithu posankha maonekedwe. Musatenge zilombo za Gule Wamkulu, monga Kasiyamaliro kapena Chimkoko, n'kuzisandutsa adani. Gule ndi mwambo wamoyo wa Achewa umene bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, linauzindikira mu 2005, uli ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo wofuna kuukhudza m'kanema ayambe wakhala pansi ndi mafumu ndi akuluakulu a kudambwe. Musajambulenso mdani ngati gogo wosauka wa maso ofiira, chifukwa m'dziko muno okalamba akumenyedwa ndi kuphedwa powaganizira ufiti, ndipo kanema wa ana sayenera kuthirira maganizo amenewo. N'chimodzimodzinso khungu lachialubino, chilema, chibwibwi kapena kalankhulidwe ka mtundu wina wa anthu: chilichonse mwa izi chikakhala chizindikiro cha kuipa, mwana amene ali nacho ndiye adzavutike kusukulu m'mawa mwake.

Mawu ajambulidwe musanayambe kuyendetsa zithunzi, popeza milomo ndi manja zimatsatira mawu. Posankha wolankhula musangofuna wa mawu aakulu. Mdani wokalipa nthawi zonse amatopetsa, koma amene amalankhula mofatsa, kupereka moni wonse mwaulemu, kutchula ana kuti "ana anga" ndi amfumu kuti "gogo chalo" kwinaku akuwalanda madimba, amazizira m'mafupa ngati mphepo ya mu Juni. Musungireni kukuwa kumodzi kokha, pamene zinthu zamuthawa m'manja. Jambulirani m'chipinda chokhala ndi matiresi ndi mabulangete kuti mawu asamveke phanga, nthawi ya usiku kapena m'mamawa njinga zamoto zisanayambe kudutsa. Pulogalamu ya Audacity ingathe kutsitsa mawu pang'ono kuti amveke a besi, koma mukapyola muyezo Chichewa chake sichimveka. Kulira kwa makiyi kukhale chizindikiro chake: oonera akakumva kawiri kapena katatu iye asanaoneke, pambuyo pake kudzakwana kokha kuwadziwitsa kuti wafika, ngakhale pakhale mdima wokhawokha.

Poyamba kumuonetsa, tsogozani zotsatira za ntchito zake. Chitsime chouma, amayi obwerera ndi zidebe zopanda madzi, mpanda watsopano pamene kale panali njira, ndi anthu otsitsa mawu akamatchula dzina lake, zonsezi zimamukuza asanalowe. Akamalowa, ikani diso la kamera pansi ngati mmene mwana amaonera munthu wamkulu, ndipo chochita chake choyamba chikhale chooneka ngati chifundo, monga kupatsa mwana kapu ya madzi kenako n'kulemba dzina la mayi ake m'buku la ngongole.

Musanawononge miyezi pa zojambula zenizeni, lumikizani zithunzi zosakhalitsa za nkhani yonse ndi mawu amene mwajambula, ndipo muonetse ana angapo a misinkhu yosiyana, makolo awo atavomereza ndipo ali pomwepo. Yang'anani nkhope zawo osati kanemayo. Mukatha afunseni chimene mdaniyo amafuna ndi chifukwa chake. Akayankha kuti ndi woipa basi, cholinga chake sichinamveke ndipo muyenera kubwerera ku zolemba. Wamng'ono akabisa nkhope kwa kanthawi n'kusuzumiranso, mantha ali pamuyezo wabwino, koma akalira n'kukana kupitiriza, chepetsani mdima ndi phokoso la pamalopo, ndipo magazi ndi kuzunza koonekera musaziikemo n'komwe.

Kugwa kwake kuchokere m'zochita zake. M'chitsanzo chathu, mvula yoyamba ikagwa ndipo madzi amene anawatsekera ayamba kuphwanya khoma, ana amuuze kuti atsegule balani kuti onse apulumuke, ndipo iye akane chifukwa sangalole kupereka kiyi kwa wina. Mwayi womaliza umenewu ndi wofunika kwambiri, pakuti ndi umene umasonyeza oonera kuti iye wadzisankhira yekha mapeto ake. Sikofunika kuti afe. Angapulumutsidwe ndi chilombo chomwe anachizunza, n'kukaima pabwalo la amfumu pamaso pa anthu amene anawalanda madimba, ndipo kwa munthu amene analumbira kuti sadzapemphanso kanthu, kupempha chikhululuko pagulu ndi chilango chokwanira.

Pomaliza ntchito, sungani zolemba zonse, zojambula zoyambirira ndi tsamba la maonekedwe ake, chilichonse chili ndi deti lake, ndipo mulembe pangano ndi amene analankhula mawu ndi amene anaimba nyimbo, lonena mmene ntchito yawo idzagwiritsidwire. Bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira za umwini wa ntchito zaluso m'Malawi motsatira lamulo la 2016, ndipo ndi koyenera kukafunsa kumeneko za kalembera musanaike kanemayo pa YouTube kapena kumupereka ku wailesi ya kanema.